Chala Chimodzi Sichiswa Nsabwe

Anthu ena amati mabungwe a anthu ogwira ntchito amangoyambitsa chisokonezo. Iwo amati wantchito wabwino ndi amene amakhala chete ngakhale malipiro ake achedwe miyezi itatu. Ife sitikugwirizana nawo maganizo otereŵa.

Taganizani, ana inu, za mayi wothyola tiyi pa esiteti. Mayiyo akapita yekha kukadandaula kuti malipiro akuchepa, bwana angathe kumuyankha kuti, "Ngati simukufuna ntchito, chokani. Kunjaku kuli ambiri akuifuna." Mayiyo adzabwerera ali khuma, poopa kuti ana ake angagone ndi njala. Koma antchito onse akasankha atsogoleri oti akaŵalankhulire, bwanayo amakhala pansi ndi kumvetsera, pakuti tiyi sadzithyola yekha. Gulu lotereli ndilo timalitcha bungwe la anthu ogwira ntchito.

Mmodzi mwa anthu amene anazindikira msanga zimenezi anali Mmalaŵi mnzathu, Clements Kadalie. Iye anabadwira m'boma la Nkhata Bay, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Monga anyamata ambiri a masiku amenewo, anapita kunja kukafuna ntchito mpaka anafika ku Cape Town, m'dziko la South Africa. Kumeneko anaona kuti anthu akuda onyamula katundu padoko ankalandira ndalama zochepa kwambiri. M'chaka cha 1919 anayambitsa bungwe lotchedwa ICU. Kumapeto kwa chaka chomwecho antchito apadoko ananyanyala ntchito, ndipo m'chaka chotsatira malipiro awo anakwezedwa. Pofika 1927, bungwelo linali ndi anthu pafupifupi 100,000.

Komabe nkhani ya Kadalie ili ndi phunziro lina. Atsogoleri a ICU anayamba kukangana okhaokha, makamaka pa za ndalama za bungwe, ndipo posakhalitsa bungwe lalikululo linagaŵikana n'kufooka. Motero bungwe limalimba pokhapokha atsogoleri ake akakhala okhulupirika ndi omvera anthu amene anaŵasankha.

Kuno kwathu, malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 amalola munthu aliyense kuloŵa bungwe la antchito. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati nthaŵi yokhazikika yogwira ntchito isapitirire maola 48 pa mlungu, ndiponso limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Koma lamulo lolembedwa m'buku silingathandize munthu amene sakulidziŵa kapena amene akuopa kulankhula. Bungwe ndilo limaphunzitsa antchito malamulowo ndi kuŵaperekeza ku bwalo la milandu ya za ntchito akalakwiridwa.

Sitikunena kuti olemba ntchito onse ndi oipa, ayi. Ambiri amasamala antchito awo, ndipo nawonso amapindula ndi bungwe, chifukwa amamva madandaulo msanga mkwiyo usanakule. Antchito nawo ali ndi udindo wawo: kufika pa nthaŵi yake, kugwira ntchito molimbika ndi kusamala katundu wa pantchito. Kunyanyala ntchito kuzibwera pomaliza, kukambirana kukalephereka, ndipo kuzichitika mwamtendere ndi motsata lamulo.

Maŵa lino ena a inu mudzalembedwa ntchito, ena mudzalemba anzanu. Tsiku la antchito likafika pa 1 Meyi, mudzafunse makolo anu ngati kuntchito kwawo kuli bungwe, ndi zimene bungwelo limaŵachitira.

Mafunso
1. Kodi n'chifukwa chiyani bwana amamvetsera antchito akabwera monga gulu?
2. Kodi Clements Kadalie anachita chiyani m'chaka cha 1919?
3. N'chiyani chinafooketsa bungwe la ICU?
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli mutu wa nkhaniyi.