Kakhadi ka Wi-Fi kadandidikiritsa sitima kawiri

Sabata ziwiri zapitazi simudandione patsamba lino, ndipo ena mwina mumaganiza kuti mkulu uja wa ku Mbungo wapita ndi mwera. Ayi, ndilipo. Ndidatanganidwa ndi kachipangizo kochepa ngati chikhatho cha mwana, komwe kadandidikiritsa sitima kawiri n'kundidyera ndalama yomwe ikadagula ndowa ya usipa.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti chipumireni pa uphunzitsi ndimataipira anthu makalata pakhomo pangapa. Kompyuta yake ndi ya patebulo, zija zidagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja n'kubwera kuno ngati kaunjika. Kutaipa imataipa bwino, koma idabadwa yopanda Wi-Fi. Kumbuyo kwake kuli kabowo kolowetsapo waya wa intaneti, koma waya woteroyo pakhomo panga ungachokere kuti? Intaneti yanga ili m'foni basi, ya bandulo.

Zaka zonsezi sizinkandivuta. Adandidzutsa ndi mtsikana wina, mwana wa msodzi wa m'mudzi muno, yemwe adakhoza bwino mayeso a MSCE. Kufunsira malo m'sukulu zaukachenjede za boma, monga Mzuzu University, LUANAR kapena MUBAS, kumadzera ku bungwe la NCHE, ndipo masiku ano fomu yake amadzaza pa intaneti. Mwanayo adayesa pafoni ya bambo ake, yagalasi losweka, zilembo zikuoneka ngati nyerere. Adabwera m'mawa, n'kugwada pakhonde. "Aphunzitsi, ndikuopa kudina polakwika n'kusankha kozi yomwe sindikuifuna. Kompyuta yanuyi singandithandize?" Tsiku lotsekera lidali lisanafike, koma silidali patali.

Wina afunsa kuti bwanji osangolumikiza foni ku kompyuta ndi waya wotchajira. Zimatheka, foni imapatsira intaneti kudzera pawaya womwewo. Koma m'nyumba mwanga netiweki imalowa mwaulesi. Imagwira bwino panja, pamwala uli pafupi ndi mtengo wa mango, pomwe waya wa tchaja ndi mita imodzi yokha. Sindikadanyamula tebulo, pulinta ndi zonse kukakhala nazo pamwala. Chimafunika n'choti foni ikhale panjapo, nditsegule hotspot, kompyuta izimva ili m'nyumba.

Njira yapafupi ndi kachipangizo ka Wi-Fi kobaya pa USB, kooneka ngati fulashi. Kwa anthu ambiri n'kokwanira, ndipo sindikunyoza. Ine ndidakhalapo nako. Eriyo yake imabisala m'kati ndipo ndi yaing'ono, moti foni ikatalikira pang'ono kankangodukaduka. Mapeto ake mdzukulu adakagunda ndi bondo n'kukathyola. Komanso mabowo a USB ndi ochepa, pomwe kiyibodi, mausi, pulinta ndi mafulashi a makasitomala zonse zimalimbirana pomwepo. Choncho ndidasankha khadi lolowetsa m'kati mwenimweni mwa bokosi, lokhala ndi maeriyo ake otulukira kumbuyo.

Apa ndi pomwe ndidalakwitsa. Ndidaimbira mphwanga yemwe amakhala ku Mzuzu. "Undigulire khadi la Wi-Fi la kompyuta ya patebulo, upatsire munthu wokwera sitima." Iye adandifunsa, "Amalume, lamtundu wanji?" Ine, mwauphunzitsi, ndidayankha kuti khadi ndi khadi.

Anzathu a kumtunda mwina simudziwa tanthauzo la kulakwitsa oda uli pachilumba. Inu mukagula chinthu cholakwika mumakwera minibasi kapena kabaza n'kukabweza tsiku lomwelo. Ife katundu wa ku Mzuzu amayamba watsikira ku Nkhata Bay, n'kudikira Ilala kapena boti lina lomwe lingapezeke. Ilala, gogo wathu uja adayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, amadzera kuno popita kumpoto ndi pobwerera kummwera, ndiye wochokera ku Nkhata Bay mumamuona kamodzi pa sabata. Mwera ukakalipa, maboti ang'onoang'ono sawoloka. Kulakwitsa kamodzi ndi sabata yathunthu.

Khadi lidafika, ndidakalilandira ku Mbamba, n'kubwera nalo monyadira. Nditatsegula bokosi la kompyuta, koyamba chigulireni, ndidapeza fumbi, ukonde wa kangaude ndi chisa chakale cha mavu. Nditapukuta, ndidayesa kulowetsa khadi. Silidalowe. Ndidatembenuza, silidalowebe. Mano ake adali ambiri, ndipo kampata kake sikamagwirizana ndi malo alionse pa motherboard, bolodi lalikulu lija pomwe zonse zimalumikizidwa.

Nkhani yake ili motere. Malo olowetsa makhadi m'kompyuta alipo amitundu iwiri yomwe mungakumane nayo. Akale amatchedwa PCI, ndi aatali ndipo kawirikawiri amakhala oyera. Atsopano, omwe adayamba kufala cha m'ma 2004, amatchedwa PCI Express, mwachidule PCIe. Maina akufanana ngati a pachibale, koma khadi la mtundu wina silingalowe m'malo a linzake ngakhale mutakankha bwanji, mungangothyola. Mphwanga adagula la PCI lomwe lidatsalira m'shopu ina, pomwe kompyuta yanga ili ndi malo a PCIe okhaokha. Wogulitsayo sindimuimba mlandu, adapereka chomwe adauzidwa. Safunsa adadya phula, ndipo phula lake ndidadya ndine.

Ulendo wachiwiri ndidachita zomwe ndikadayambira. Ndidajambula m'kati mwa bokosi ndi foni, ndidajambulanso kachikwangwani kolembedwa dzina ndi nambala ya kompyuta, n'kutumiza pa WhatsApp. Mphwanga ataonetsa zithunzizo kwa wokonza makompyuta, padatuluka zinthu zina ziwiri zomwe zikadandidikiritsa sitima kachitatu.

Choyamba, bokosi langa ndi lopyapyala, lija limagona chafufumimba patebulo. Khadi lililonse limakhala ndi kachitsulo komangira kumbuyo kwa bokosi, ndipo mabokosi opyapyala amafuna kachitsulo kakafupi, komwe m'mashopu amati low profile. Makhadi ena amabwera ndi tizitsulo tonse tiwiri m'paketi, ena ayi. Chachiwiri ndi Windows yomwe ili m'kompyutamo. Makhadi ambiri atsopano a Wi-Fi 6 sagwira pa Windows 7, yomwe kampani ya Microsoft idasiya kuisamalira mu 2020. Yanga ili ndi Windows 10, ndiye ndidapulumuka. Ndidauza mphwanga kuti asathamangire lapamwamba kwambiri. Khadi la Wi-Fi 5, ngakhale la Wi-Fi 4 lomwe luso lake ndi la mu 2009, limathamanga kale kuposa intaneti yomwe foni yanga imakoka pamwala paja. Kulipira liwiro lomwe netiweki singakupatse kuli ngati kumanga injini ya boti lalikulu pabwato lakumba.

Kuika khadi lachiwiri kudatenga mphindi 10 zokha. Ndidazimitsa kompyuta, n'kuzula waya kukhoma, osangodalira switchi. Ndidadina batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira m'kati athe. Ndidagwira chitsulo cha bokosi ndi dzanja ndisanakhudze khadi, chifukwa timagetsi tija timathetheka pa zovala za nailoni tingathe kupha tizipangizo ta m'kati. Khadi ndidaligwira m'mbali, osati pamano agolidewo. Ndi lalifupi, la PCIe x1, koma lidalowa bwinobwino m'malo aatali a x16, poti khadi laling'ono la PCIe limaloledwa kukhala m'malo aakulu. Ndidakankha mpaka lidakhazikika, ndidamanga, ndidatseka, n'kupotokola maeriyo awiri kumbuyo. M'paketi mudalinso kawaya kopita pa motherboard, komwe ntchito yake ndi ya Bluetooth. Mukakasiya, Wi-Fi imagwirabe.

Ndidayatsa. Zii. Kompyuta idaona kuti mwalowa mlendo koma sidamudziwe. Imafuna driver, kapulogalamu kophunzitsa Windows kuyankhulana ndi khadilo. M'paketi mudali kachimbale, koma choikamo zimbale cha kompyuta yanga chidafa kalekale. Apa munthu umazungulira mutu, pakuti driver amapezeka pa intaneti, pomwe intanetiyo ukuifuna kudzera pakhadi lomwe likudikira driver. Ndidatuluka ndi foni, ndidakhala pamwala, ndidadawuniloda pa webusaiti ya kampani yopanga khadilo, n'kubwera kudzasamutsira m'kompyuta ndi waya wa tchaja uja. Mukamagula, pemphani wogulitsa akuikireni driver pafulashi, mudzandithokoza.

Kachizindikiro ka Wi-Fi kadatulukira pakona, koma ndi kamzere kamodzi kokha. Maeriyo adali atapanikizika pakati pa bokosi lachitsulo ndi khoma la njerwa, ndipo mafunde a Wi-Fi sagwirizana ndi chitsulo. Ndidatembenuza tebulo kuti kumbuyo kwa kompyuta kuloze pawindo. Kenaka m'foni ndidasintha hotspot kuchoka pa 5 GHz kupita pa 2.4 GHz. Ya 5 GHz imathamanga koma imatopa msanga ikakumana ndi khoma, pomwe ya 2.4 GHz imafika patali. Timizere tidakwera kufika pa titatu. Mayi akunyumba adadandaula kuti tebulo latsekereza njira ya kuchipinda, koma nkhani imeneyo tikukambiranabe.

Mavuto awiri otsiriza adali ochititsa manyazi. Tsamba lililonse lomwe ndimatsegula linkakana, likunena kuti si lotetezeka. Ndidayamba kukayikira khadi, osadziwa kuti kabatire kozungulira ngati kobiri ka pa motherboard, kolembedwa CR2032, kadatha mphamvu, moti wotchi ya kompyuta idali itabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Masamba a intaneti amayamba aona deti, ndipo likasemphana ndi lawo sakutsegulira. Nditakonza deti, zonse zidatseguka. Ndidagona mosangalala, foni nditaisiya pawindo hotspot ili chiyakire. Kutacha, bandulo ya mwezi wathunthu idali itatha. Windows, itaona intaneti koyamba patapita zaka, idayamba kudzikokera zonse zomwe idaphonya. M'masetingi a Wi-Fi muli poti metered connection. Mukatsegula pamenepo, kompyuta imadziwa kuti intaneti yanu ndi yoyeza ndi chikho, ndipo imachepetsa dyera.

Chimodzi chikundidetsabe nkhawa. Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta akale ngati yangayi sayenerera Windows 11. Kale mavairasi ankandipeza pafulashi pokha. Tsopano ndawatsegulira khomo lachiwiri, m'kompyuta yomwe muli makalata a anthu, ena a milandu ya malo, ena opempha ngongole. Pakadali pano ndimayatsa Wi-Fi pokhapokha pali ntchito, ikatha ndimazimitsa.

Mtsikana uja adabwera Lachinayi ndi bambo ake. Foni tidaiika pamwala m'kambale, mng'ono wake akuilondera kuopa mbuzi. Adadzaza fomu yekha, akuwerenga mzere uliwonse mokweza, ndipo pofika posankha makozi adakhala chete nthawi yaitali asanadine. Tidasindikiza pepala losonyeza kuti fomu yapita, bambo ake adalipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Padali patatsala masiku atatu kuti atseke. Madzulo ake adatitumizira utaka wa ndiwo.

Khadi loyamba lija lili m'kabati, m'paketi yake, silinagwirepo ntchito. Ngati alipo pa Likoma pano kapena ku Chizumulu yemwe kompyuta yake ili ndi malo oyera aatali aja, abwere adzatenge, koma ayambe wanditumizira chithunzi cha m'kati mwa bokosi lake.