Mnyamata wa chombo ku Chiparamba, kumene kulibe nyanja

Ngati mwakwerako honda kuchoka pa Kapata kupita ku Chiparamba masiku ano, mwina nkhaniyi munaimva kale, chifukwa anyamata a honda sasunga kanthu m'kamwa. Anzathu a ku Lusaka akamva dzina la Chiparamba amaganiza za bola, za timu ija ya achichepere. Ife kuno timaganiza za fumbi, chimanga, nshawa ndi msewu wopatuka pa njira ya ku Mfuwe. Nyanja kulibe. Madzi aakulu amene ambiri a ife tinaonapo ndi Luangwa pa bulichi, ndipo ngakhale pamenepo maso amakhala pa nsomba zouma, osati pa mtsinje.

Koma kumeneko kuli mnyamata wina, dzina tisunge, amene amathandiza pa shedi ya kalipentala. Kwa miyezi yambiri wakhala akupanga chombo cha mapulanga. Osati bwato lokwera munthu, ayi. Kachombo kotalika ngati mkono wanu, kongoika pa tebulo.

Zinayamba ndi kabokosi. Msuweni wake amagulitsa zidole za salaula ku Lusaka, ndipo m'katundu wina munatuluka kabokosi kophwanyika m'makona, kali ndi chithunzi cha chombo cha matanga pamwamba. Mkati munali timapulanga topyapyala ngati tomwe timakhala mu aisikilimu, ulusi, kansalu, ndi pepala la malangizo m'chilankhulo chimene si Chingelezi. Palibe kasitomala anakafuna. Mwana angasewere bwanji ndi zinyalala za mitengo? Msuweni uja anakumbukira kuti ali ndi m'bale wogwira za mapulanga, basi nkukatumiza pa basi.

Kwa amene simudziwa, kunja kuli makampani amene nchito yawo ndi yomweyi, monga Billing Boats ya ku Denmark ndi Amati ya ku Italy. Amakugulitsa chombo chili zidutswazidutswa, iwe nkumanga wekha. Umayamba ndi msana, nkuimika nthiti, kenako nkumamata timapulanga kamodzikamodzi mpaka thupi litatsekeka. Kapulanga kalikonse umayamba wakaviika m'madzi otentha kuti kapindike osathyoka, nkukamata, nkudikira guluu aume. Ukafulumira, mawa upeza kadzuka. Ukamata mbali imodzi yokha osasinthanitsa, chombo chonse chimakhota ngati nthochi. Azungu opuma pa nchito amathera miyezi pa chimodzi, ena chaka chathunthu.

M'bokosi la mnyamata wathu, zinthu zambiri zinasowera m'njira. Timapulanga tosowa anadula yekha ku zotsala za malaina pa shedi, nkumapala ndi galasi losweka mpaka tipyapyale. Zitsulo anatenga ku masipoko a njinga. Ulusi utatha anamasula wa thumba la feteleza.

Nthawi anaipeza kuti? Nonse mukukumbukira 2024. Mvula inakana, pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika September malaiti anali kupita maola oposa 20 pa tsiku m'malo ambiri. Makina opalira pa shedi anangokhala duu. Owotcherera zitsulo, ometa, azimayi a saluni, onse anali kukhala panja kudikira. Ena nthawi imeneyo anaiphera pa nsolo, ena pa kachasu, ambiri pa ka ndeke ka pa foni, kaja mumati kakwere pang'ono ndisanatulutse, nkuthawa ndi ndalama ya ndiwo. Iye anaiphera pa kabokosi.

Malaiti atayamba kubwerako, iye sanaleke. Ndipo vuto linayambira pamenepo.

Woyamba kudandaula ndi amai ake, ndipo musawaweruze msanga. Nyengo ya feteleza itafika, mlimi wa FISP amafunika kuika K400 yake kuti alandire zolimira. Amai aja anali kuwerenga makobidi, nkuona mwana wawo akubwera ndi kabotolo ka guluu ndi katini ka vanishi. "Iwe, chombo chako tizadya?" Funso limeneli silopusa. Pakhomo pamene ndalama imalowa ndi supuni, chilichonse chotuluka chimaoneka ngati fosholo.

Achiwiri ndi amalume ake, aja odziwa zonse za bizinesi ngakhale kantemba kawo kanatsekedwa kalekale. Iwo sananyoze. Anachitembenuza uku ndi uku, nkuti: "Mphwanga, ichi ni ndalama. Panga khumi, uziyimika pa msewu wa ku Mfuwe, azungu azagula." Mnyamata atawauza kuti chimodzi chamutengera miyezi, anamuyankha kuti ndiye aleke kupala mkati mosaoneka, azingopaka utoto kunja.

Achitatu ndi aneba ena amene anaona nyale ya sola ikuyaka usiku, munthu atawerama pa kanthu kokhala ndi nsalu ndi ulusi. Mukudziwa kale mmene nkhani zotere zimathera kwathu kuno. Mawa lake pa chigayo panamveka kuti ena amauluka pa lichero, uyu wasankha chombo. Anthu anaseka, koma nthabwala zoterezi zinathamangitsapo anthu m'midzi. Ndipo kwa okonda kukamba: lamulo lokhudza ufiti, lija la 1914, likali kugwira nchito, ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Manje onani. Anthu atatu, maganizo atatu, koma onse akufunsa funso limodzi: chinthuchi ncha chiyani? Amai akuti sichidyetsa, amalume akuti chidyetse, aneba akuti ngati sichidyetsa masana ndiye kuti chimadyetsa usiku. Palibe amene akuvomereza kuti mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zina angapange chinthu chifukwa chongochikonda.

Ine ndikuona kuti apa ndi pamene tafika ngati achinyamata, ku Chipata ngakhale ku Lusaka. Chilichonse chiyenera kukhala dili. Ukadziwa kuphika, akuti tsegula peji. Ukamaimba m'bafa, akuti pita ku situdiyo. Ukavina pa chinkhoswe, wina wakujambula kale, akuti uzaphulika pa TikTok. Ine ndemwe nchito yanga ndi kulemba za oimba, ndipo ndaona anyamata ambiri amene anali kuimba mokoma pamene anali kuimba chabe. Atayamba kuwerenga ma views, nyimbo zonse zinayamba kufanana. Sindikunyoza kusakasaka, tonse timadya. Koma chodabwitsa nchakuti amene wataya K50 pa ka ndeke palibe amamufunsa kuti "tizadya?" Timati anali kuyesa mwayi, anali kufuna ndalama, ndiye kuti mutu wake uli bwino. Amene wagula guluu ndiye wopenga.

Ndipo pamene tinali ana sitinali otere. Ndani wa ife sanapangepo motoka ya mawaya, mawilo a zitsekerero, chiwongolero chachitali mpaka m'chiuno? Ndani sanaumbepo ng'ombe za dothi ku dambo? Palibe anatifunsa phindu. Kenako pa msinkhu wina, mwina giredi 7, wina anatiuza kuti manja ndi a khasu ndi bolopeni basi.

Ena akamva nkhaniyi amathamangira kutchula William Kamkwamba wa ku Kasungu, uja anapanga makina a mphepo ndi zitsulo zotola anthu akumutcha wamisala, mpaka filimu yake inatuluka pa Netflix mu 2019. Amati musiyeni mnyamatayo, tsiku lina adzatchuka. Cholinga chawo nchabwino, koma akulankhula chimodzimodzi ndi amalume aja, kungoti iwo avala suti. Nanga akapanda kutchuka? Ndiye kuti miyezi yonse ija yapita pachabe?

Chombo cha m'bokosi chitatha, mnyamata uja anayamba china, chopanda bokosi, chopanda pepala la malangizo. Anasankha Ilala, chombo cha pa nyanja ya Malawi, chimene sanachionepo ndi maso. Ambuya ake aamuna anachikwerapo ali mnyamata ndipo sanaleke kuchikamba mpaka kumwalira. Iye ali ndi zithunzi za pa foni chabe. Anapeza kuti Ilala ndi yotalika mamita pafupifupi 52, nkuganiza kuti mita iliyonse ikhale sentimita imodzi. Choncho chake ndi masentimita 52, ndipo chitseko chilichonse, bwato lililonse lopachikidwa m'mbali, ayenera kuligawa ndi 100 asanadule. Uyu ndi munthu amene masamu a giredi 12 anamugwetsa.

Apa pali chinthu chimene chinandiseketsa nditawerenga mbiri yake. Ilala yeniyeniyo inabweranso ngati kabokosi ka salaula. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, ku Scotland, nkuiphwasula, zidutswa nkubwera pa nyanja yamchere mpaka ku Beira, kuchoka apo pa njanji mpaka ku Chipoka. Anthu anailumikiza m'mbali mwa nyanja, nkuyamba kuyenda mu 1951, ndipo yakhala ikunyamula anthu, mbuzi ndi matumba a usipa pakati pa Monkey Bay, Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay kwa zaka zoposa 70. Ilala yoyamba, ya mu 1875, zidutswa zake zinasenzedwa pamutu kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Ngakhale Liemba ya pa Tanganyika, imene kwa zaka zambiri inali kufika pa Mpulungu, inachoka ku Germany mu 1913 ili m'mabokosi okwana 5,000, nkukamangidwa ku Kigoma. Zombo zakale zikuluzikulu za m'nyanja zathuzi zinafika chonchi, zidutswa, nkudikira munthu woleza mtima. Dzina lenilenilo la Ilala ndi la kuno ku Zambia: ndi dera la kwa Chitambo kumene David Livingstone anafera mu 1873. Ndiye amene akuti mnyamata wa ku Chiparamba alibe nacho chochita chombo, ayambe wafunsa dzinalo linachokera kuti.

Tsono tikambe za boma pang'ono. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lina ndi lolipirira achinyamata maphunziro a nchito za manja m'masukulu monga Chipata Trades. Ndi chinthu chabwino, ndipo ndili ndi anzanga amene apindula nacho. Koma funsani kalipentala aliyense wamkulu kuti chovuta kuphunzitsa nchiyani. Sadzakuuzani za sowo kapena hamala. Adzakuuzani za mtima wopima kawiri usanadule, mtima wophwasula chimene wamata dzulo chifukwa chakhota pang'ono ngakhale kasitomala sangaone. Chimenecho setifiketi siipereka. Tonse tinagulapo bedi lowala vanishi limene linayamba kulira pa mwezi umodzi. Mwini shedi uja, mdala wosakonda kuyamikira, akuti masiku ano zitseko za kabati amasiyira mnyamata wa chombo, chifukwa zake zimatsekeka popanda kukankha ndi bondo. Malipiro sanamukwezere, musafunse.

Ndiye inde, phindu lilipo, ndipo ndaona kuti inenso ndagwera mu msampha womwe uja, kufuna kumuteteza ndi phindu. Chizolowezi nchovuta.

Amalume aja sanagone. Mwezi watha anabwera ndi dalaivala wina amene amanyamula alendo kuchoka ku Chipata kupita ku South Luangwa. Malonda a m'njira imeneyo ndi enieni: ku Mfuwe kuli Tribal Textiles, kuli Mulberry Mongoose imene imapanga zokongoletsa ndi mawaya a misampha ya opha nyama, ndipo alendo amagula. Dalaivala anayang'ana chombo choyamba chija, nkutchula mtengo. Pa maso a pa Chiparamba inali ndalama yooneka, yokwana K400 ya amai ndi kutsalako. Mnyamata anatenga bolopeni nkuigawa ndi masiku amene anagwira. Inatuluka yosakwana mtengo wa vitumbuwa viwiri pa tsiku. Dalaivala anawonjeza kuti alendo amakonda njovu ndi mvuu, chombo nchovuta kulongedza mu sutukesi, ndiye ngati angapange tinjovu makumi awiri pofika mwezi wa mawa, angakambirane bwino.

Apa ndi pamene ine ndi mnzanga wina tinatsutsana mu minibasi mpaka kondakita analowererapo. Mnzangayo akuti kukana ndalama amai ako akusowa feteleza ndi kudzikonda, ndipo zokonda za mtima ndi za anthu okhuta. Kondakita akuti agulitse, apange china, mitengo siinathe. Ine ndinati munthu wosauka nayenso ayenera kukhala ndi kanthu kamodzi kamene sikali pa malonda. Mayi wina kumbuyo anangoti, "Imwe mukamba chabe, simunagonepo na njala." Sindinamuyankhe, chifukwa sindinagonepo nayo kwenikweni.

Chimene mnyamata anachita sichinakondweretse aliyense mokwanira. Chombo choyamba, cha m'bokosi, anagulitsa. Ndalama anapatsa amai ake, feteleza analowa m'munda. Za tinjovu anakana. Ilala anati siigulitsidwa, ngakhale itatha, ndipo amalume anachoka akupukusa mutu, akuti ana a masiku ano safuna kulemera.

Pamene ndinapitako Loweruka, Ilala inali pa windo, thupi loyera latha, chumuni chisanaikidwe. Ana asanu a pafupi anali atakhala pansi, aliyense ndi kachidutswa ka malaina ndi sandipepa yakutha. Mmodzi wa iwo ndi mdzukulu wa aneba aja a nkhani ya lichero. Amai ake a mnyamata anali kusankha nyemba pakhonde, ndipo kamwana kena katafuna kugwira chombo ndi manja a mango, iwo ndiwo anakuwa: "Iwe, choka apo! Uziba masiku yangati yapita pali icho?"