Hatchi ya Mpikisano Iunikidwa, Nanga Ng'ombe ya Mlimi?

Alimi anzanga, tikapempha makina ounikira m'mimba mwa ziweto, akuluakulu ena amatiyankha kuti zimenezo n'za mahatchi a anthu olemera. Yankho limeneli tilikane.

Tiyeni tione zomwe eni mahatchiwo amachita. Ku South Africa nyengo yokweretsa mahatchi a mpikisano imayamba pa 1 Sepitembala. Hatchi yaikazi siikhira dzira m'nyengo yozizira, ndipo usana ukayamba kutalika imaonetsa zizindikiro zabodza: imafuna yamphongo koma dzira silinakhwime. Choncho dotolo wa ziweto amalowetsa kachipangizo kumatako nkumaona pa kanema kathumba ka dzira kakukula. Kakafika mamilimita 35 kapena kuposerapo, amadziwa kuti nthawi yayandikira. Pakatha masiku 14 kapena 16 ikweredwe, amaunikanso kuti aone ngati bere lagwira komanso ngati si mapasa. Luso limeneli linayamba ku France m'chaka cha 1980. Si lachilendo ayi.

Eni mahatchi salipira izi chifukwa chokonda kuwaza ndalama. Anawerengera naona kuti kungoganizira n'kodula kuposa kuunika.

Nanga ife? Ng'ombe imafuna nkhunzi pakatha masiku pafupifupi 21, ndipo zizindikiro zake sizitha ndi tsiku lomwe. Mlimi amalipira wopereka umuna, nkudikira. Ng'ombe ikapanda kubwereza, amati yatenga bere. Koma ina imakhala chete chifukwa cha njala kapena vuto la m'chiberekero. Miyezi inayi mayi akudula nsenjere, akugula madeya, kudyetsa mimba yopanda kanthu, mkaka ukunka nuchepa. Pomwe makina omwe aja amaonetsa bere la ng'ombe pakangotha masiku 30. Bere limatenga miyezi 9, ndiye tsiku lililonse lotayika likuchedwetsa thole ndi mkaka wa chaka chamawa. Kwa amene analandira ng'ombe ya ngongole yobweza thole, mnzake wotsatira pamndandanda nayenso akudikira.

Akuti makinawa ndi odula. Zoona, kwa mlimi mmodzi. Koma tanki yoziziritsira mkaka tinagula mlimi aliyense yake? Masiku ano alipo makina onyamula m'chikwama, oyendera batire. Amodzi atha kutumikira magulu angapo a mkaka ku Thyolo, Chiradzulu, Lilongwe kapena Mzuzu.

Akutinso dzanja la mlangizi ndi lokwanira. Dzanja lodziwa ntchito timalilemekeza, koma limazindikira bere mochedwerapo, ndipo alangizi otere m'midzi mwathu ndi owerengeka.

Tikupempha zitatu. Boma ndi mabungwe ogawa ng'ombe aike makinawa pa bajeti yomweyo yogulira ng'ombe. Alangizi a ziweto ndi opereka umuna aphunzitsidwe kuwagwiritsa ntchito. Makampani ogula mkaka wathu asonkheko, poti ng'ombe ikauma nawonso matanki awo amauma.

Ifenso tisangokhala. Lembani m'kope tsiku lomwe ng'ombe yapatsidwa umuna, ndipo nkhaniyi muikambe pa msonkhano wa gulu mwezi uno. Mutu umodzi susenza denga.