Za Vinyo Wofiira wa ku France ndi Nthaka Imene Imubala

Inu eni mabanja a ku Bolero, a ku Hewe ndi a m'chigwa cha Henga, ambiri a ife vinyo timuonera patali, m'chikho cha pa Misa. Mwezi uno tikambe za dziko la France, kumene vinyo ali chinthu cha pa chakudya, chomwera pang'onopang'ono pamodzi ndi ndiwo.

Kumeneko munthu wogula vinyo satchula mtundu wa mphesa ayi, atchula dera limene mpesawo unamera, pakuti adziwa kuti nthaka, dzuwa ndi mvula zilowa m'chipatso. Ifenso tidziwa zimenezi: khofi wa m'mapiri a Phoka ali ndi fungo lakelake, ndipo mpunga wa Kilombero wa ku Karonga uzindikirika usanaphulidwe.

Pafupi ndi mzinda wa Bordeaux pali dera la Médoc, la nthaka ya nsangalabwi, kumene alima mphesa za Cabernet Sauvignon ndi Merlot. Vinyo wake ndi wakuda, wamphamvu, ndipo akadali watsopano akoka lilime monga ichitira nthochi yosapsa. Kukokako kuchokera ku makungu ndi njere za mphesa, ndipo nyama yonona ikuziziritsa. Nchifukwa chake eni dera amwera nyama yootcha ya mwana wa nkhosa. Kuno kwathu mnzake woyenera akadakhala mbuzi yootcha. Koma usipa wa ku Mlowe ayi ndithu: vinyo wotere akakumana ndi nsomba, m'kamwa mumveka ngati mwanyambita chitsulo. Tsabola wambiri nayenso amuipitsa.

Dera limene litikondweretsa ife koposa ndilo Bourgogne. Kumeneko amonke a ku Cîteaux, amene nyumba yawo inayamba m'chaka cha 1098, analima mphesa pa zitunda za miyala ya njereza zaka mazanamazana, nayang'anira munda uliwonse, mpaka anazindikira kuti mtundu umodzi wa mphesa, Pinot Noir, upatsa vinyo wina pamwamba pa chitunda ndi wina kunsi kwake. Munda wawo wotchedwa Clos de Vougeot anautchinga ndi linga la miyala; uli ngati mahekitala 50, ndipo lero ugawika kwa eni ake ambirimbiri. Vinyo wa kumeneko ndi wopepuka, wonunkhira, ndipo amayi aphikiramo tambala wokalamba kapena nyama ya ng'ombe pa moto wochepa kufikira ifewe. M'chaka cha 1395 mfumu ya dera, Philippe le Hardi, inalamula kuti mphesa za Gamay zizulidwe m'dziko lake. Mphesazo zinakhazikika kumwera, ku Beaujolais, ndipo anthu a ku Lyon amwera vinyo wake nyama ya nkhumba.

Kumwera kwenikweni, kotentha, kuli Châteauneuf-du-Pape, pafupi ndi Avignon kumene Apapa anakhala kuyambira 1309 mpaka 1377. Vinyo wake ndi waukali, wofuna nyama ya m'tchire yophika ndi msuzi wambiri.

Tsono mverani chimene chinachitika ndi maina amenewa. Cha m'ma 1860 kachirombo kotchedwa phylloxera kanayamba kudya mizu ya mipesa, minda yambiri nifa. Vinyo atasowa, amalonda onyenga anasakaniza vinyo wachabe, nalemba pa botolo dzina la dera lotchuka, ndipo mlimi woona mtima anasauka. Alimi anadandaula zaka zambiri, kufikira m'chaka cha 1935 boma linaika lamulo lakuti dzina la dera likhale la vinyo wobadwira m'deralo yekha, wolimidwa monga mwa mwambo wake. Ndipo mu 1936 Châteauneuf-du-Pape anali mwa oyamba kulandira chitetezo chimenechi.

Alimi athu a khofi ku Phoka ndi ku Mphompha, amene agulitsa pamodzi m'bungwe lawo la ku Mzuzu, achita bwino kusasakaniza mbewu yakupsa ndi yaiwisi, pakuti ogula akunja afunsa dzina la phiri. Za mpunga sitinena zambiri. Amayi amene anagulapo pa msika thumba lotchedwa Kilombero, nafika nalo kunyumba lopanda fungo, adziwa okha.