Dibi ndi Lamulo m'Dera la Chipinge

Aliyense amene anayendapo m'dera la Chipinge, kuchokera ku mapiri ozizira a tiyi wa Tanganda, kumene abale athu ambiri a ku Malawi anakalambira ali pa ntchito, kutsikira ku chigwa chotentha cha mtsinje wa Save, adziwa kuti kumeneko ng'ombe ndiyo yolima, ndiyo malowolo, ndiyonso pothawira tsiku la tsoka. Chifukwa chake boma la Zimbabwe, potsata lamulo la masiku a atsamunda, likakamiza mwini khola aliyense kupititsa ng'ombe zake ku dibi, ndipo liletsa kuziyendetsa pakabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi.

Oyamikira lamuloli ali ndi umboni wosakanika, pakuti m'zaka za m'ma 1970, pamene madibi anaphwasulidwa pa nkhondo ya ufulu, ng'ombe pafupifupi miliyoni imodzi zinafa. Ndipo kuyambira 2017, mankhwala atasowa, nthenda ya nkhupakupa yotchedwa January disease inapululanso makola ambirimbiri, kufikira boma linayamba kugawira mabanja mafuta opaka ng'ombe. Nkhupakupa sidziwa malire a khola, kotero waulesi mmodzi aphetsa ng'ombe za mudzi wonse.

Koma nawonso odandaula sanama. Mlimi amene wapereka msonkho wa dibi, nayenda mtunda wautali mbandakucha, napeza dibi lopanda mankhwala, kapena logumuka ndi namondwe Idai wa mu 2019, kodi tidzamutcha wosamvera? Ndiponso zilonda zija zichokera kwa njati za ku Save Valley Conservancy zodutsa pa mipanda yothyoka. Komabe chiletso chikagwa, wolangidwa ndiye wosauka amene afuna kugulitsa ng'ombe kuti alipirire mwana sukulu.

Poyesa mbali zonse ziwiri, ife tiona kuti kukakamiza n'koyenera ndithu, pakuti walira mvula walira matope, ndipo wofuna khola lodzala apirire ulendo wa ku dibi sabata ndi sabata m'dzinja. Koma lamulo ndi pangano la mbali ziwiri: boma limene lilipiritsa mlimi wojomba liyenera kuyamba ladzaza madibi ndi mankhwala mvula isanagwe, kumanganso mipanda ya njati, ndi kufika ndi katemera nthenda isanalowe m'mudzi. Likalephera izi, lidzakhala likukolola pamene silinafese.