Mfuti ya mpweya: Yachepera mvuu, yakulira khoswe

Mapira akayamba kukhwima m'minda ya ku Ngabu, Bangula ndi Tengani, mlimi wa ku Chigwa cha Shire amaiwala tulo. Kunja kusanayere, banja lonse limakhala lafika kale pachirindo, zitini ndi malegeni zili m'manja, kudikira mpheta. Ana ena amajomba kusukulu masabata angapo kaamba ka ntchito yoinga mbalameyi. Usiku nawo, amene ali ndi madimba m'mbali mwa Shire amasinthana kulindira mvuu.

Zaka zapitazi sizidawasiyire anthu a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje mpata wogawana chakudya ndi zilombo. Namondwe wa Ana adasesa minda mu Januwale 2022, wa Freddy adabwereza mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 ng'amba ya El Nino idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Thumba lililonse lopulumuka m'munda lili ndi pakamwa polidikira.

N'chifukwa chake munthu amene ali ndi kangachepe, monga mwini chigayo pa Nchalo, mlimi wa mpunga ku Muona kapena amene ali ndi mbale wake ku Joni, amatha kulingalira zogula mfuti ya mpweya yamphamvu n'kuidulira chiphaso. Ilibe wonga, silira kwambiri, ndipo zipolopolo zake n'zotchipirapo poyerekeza ndi za mfuti zina. Funso n'lakuti, kodi ndalama ndi chintchito chonsecho zingabwezedwe ndi mbewu zimene mfutiyo ingapulumutse?

Mfutiyi njotani?

Mfuti ya mpweya, imene ambiri amangoti yophera mbalame, imakankha kachipolopolo ka mtovu ndi mpweya wopanikizidwa. Tizipolopoloti timakhala ta mamilimita 4.5, tolemera pafupifupi theka la galamu, kapena ta mamilimita 5.5, tolemera pafupifupi galamu imodzi.

Pali yothyola pakati, yomwe ili ndi sipuling'i m'kati, ndipo mwini wake amaika kachipolopolo kamodzi nthawi iliyonse akafuna kuwombera. Palinso yokhala ndi kathanki ka mpweya, imene imafuna pampu yakeyake yamphamvu kwambiri kuposa ya njinga kapena ya galimoto. Zambiri zamphamvu kwambiri zimakhala za mtundu wachiwiriwu.

Mayiko amasiyana pa malamulo a mfutizi. Ku England, ikapyola mphamvu ya ma joule 16, womwe ndi muyeso wa mphamvu imene chipolopolo chimatuluka nayo, imafuna chiphaso chonga cha mfuti ina iliyonse. Ku Germany malire ake ndi ma joule 7.5. Ku South Africa, ya zipolopolo zochepera mamilimita 5.6 imagulidwa popanda chiphaso, ndipo apa m'pamene Amalawi okhala kumeneko angasokonezeke, chifukwa chololedwa m'sitolo ya ku Johannesburg sichiti n'chololedwanso pachipata cha Mwanza.

Kuno kwathu nkhani za mfuti zimayendera lamulo la Firearms Act la 1967, ndipo zilolezo zogulira, kulowetsa m'dziko ndi kusunga mfuti zimadzera ku polisi. Chiphaso chake chimalipiridwa chaka ndi chaka. Choncho munthu asanatumize ndalama kwa mbale wake kuti aike mfuti m'katundu wa pa basi, poyambira ndi ku polisi, atatenga dzina la mfutiyo, kukula kwa zipolopolo zake ndi mphamvu yake. Kupezeka ndi mfuti yofunika chiphaso ulibe pepala ndi mlandu wopita nawo kundende.

Masamu a mpheta

Mdani wamkulu wa mapira, mchewere ndi mpunga ndi mpheta zofiira mlomo, zimene akatswiri amazitcha quelea. Chimanga sizilimbana nacho kwenikweni chifukwa njere zake zimazikulira. Kambalameka kamalemera pafupifupi magalamu 20 okha, koma akatswiri amati palibe mbalame ina yakutchire yochuluka chotere padziko lonse: zilipo pafupifupi 1.5 biliyoni mu Africa muno. Zimagona ndi kuswana m'mabango ndi m'mitengo ya minga pafupi ndi madzi, malo amene ku Chigwa cha Shire sasowa, kuyambira ku Dambo la Njovu mpaka ku Ndindi.

Mpheta imodzi imadya pafupifupi magalamu 10 a mbewu patsiku. Gulu la mpheta 10,000, lomwe ndi laling'ono pa mtundu umenewu, limatha makilogalamu 100, kapena kuti matumba awiri, dzuwa lisanalowe. Apo sitidawerengere njere zimene zimayoyokera pansi.

Tiyerekeze kuti pali katswiri wosaphonya, wogwetsa mbalame imodzi pamphindi iliyonse kwa maola 10 osapuma ngakhale kumwa madzi, m'dzuwa la ku Nsanje. Pofika madzulo wagwetsa 600. Zatsala 9,400, ndipo m'mawa mwake gulu lina lafika. Mphamvu ya mfuti sisintha kanthu pamasamuwa, chifukwa kachipolopolo kamodzi kamapha mbalame imodzi, kaya mfutiyo njamphamvu kaya njofooka. Komanso poti silira kwambiri, siwopseza gulu monga amachitira mwana wokhala ndi chitini.

Ichi n'chifukwa chake mpheta zimatengedwa ngati dzombe, vuto la boma ndi mayiko oyandikana. Malawi ndi membala wa bungwe la International Red Locust Control Organisation for Central and Southern Africa, lomwe likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, ndipo limatsata dzombe, ntchemberezandonda ndi mpheta. Magulu akuluakulu amathana nawo usiku pamalo pamene agona. Mlimi akaona pogona mpheta, chanzeru n'kukauza mlangizi wa zaulimi kuti uthenga ufike ku Shire Valley ADD ku Ngabu mbewu zisanathe.

Khoswe ndi nthata zake

Kwa makoswe ndi mbewa nkhani ndi yomweyo. Mbewa ya m'munda ya mtundu woswana kwambiri imakhala ndi bere masabata atatu okha ndi masiku ochepa, n'kuswa ana 10 kapena kuposa. Madzi akasefukira n'kuphwa, udzu ndi njere zimachuluka, ndipo mbewa zimaswana mofulumira. Zimayenda usiku, pamene wowombera saona bwino pokhapokha atagulanso tochi kapena galasi loonera mumdima.

Ku Nsanje kuli chifukwa china chochenjerera. Bomali lidakhudzidwapo ndi mliri wa makoswe mu 1997, ndipo mu 2002 bungwe la World Health Organisation lidalengeza kuti anthu 71 adadwala matendawa kumeneko. Matendawa amafala ndi nthata za makoswe. Khoswe akafa n'kuzizira, nthata zimamuthawa n'kusaka magazi ena, ndipo woyandikira amakhala mwana amene watumidwa kukatola. Kupha makoswe m'nyumba popanda kuthana ndi nthata kungathe kuitana vuto lalikulu kuposa limene linalipo.

Palinso adani amene mfuti ilibe nawo chochita. Mbozi zachilendo za ntchemberezandonda zidawononga chimanga mpaka mu Disembala 2017 mtsogoleri wa dziko Peter Mutharika adalengeza za ngozi m'maboma 20. Mbozi za thonje, nsabwe za m'masamba ndi anankafumbwe a m'nkhokwe amadya chuma cha mlimi mwakachetechete, ndipo palibe amene adawomberapo nankafumbwe.

Mvuu, anyani ndi lamulo

Kumbali ya zilombo zikuluzikulu, mfuti ya mpweya imachepa. Mvuu yaikulu imalemera pafupifupi makilogalamu 1,500, imadya udzu wokwana makilogalamu 40 usiku umodzi, ndipo chikopa chake n'chochindikala masentimita angapo. Kachipolopolo ka galamu imodzi sikangaiphe. Chimene kangachite n'kuivulaza diso kapena kuikwiyitsa, ndipo mvuu yolusa imathira ukali wake pa msodzi wa m'bwato kapena mayi wokatunga madzi m'mawa mwake. Nguluwe yovulala nayo ndi yoopsa kwa agalu ndi eni ake omwe.

Anyani ndi apusi amasautsa midzi yoyandikana ndi nkhalango za Lengwe, Majete ndi Mwabvi. Nyani ndi wochenjera. Amamuzindikira munthu wonyamula mfuti, amakhala patali, ndipo amalowa m'munda mwini wake akangopita kukadya nsima. Nyani wamwamuna wamkulu akalasidwa ndi kachipolopolo kotere, nthawi zambiri amathawa ndi bala.

Apa lamulo lina limalowererapo. Chiphaso cha mfuti si chilolezo chosakira nyama. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, limateteza mvuu, ng'ona, njovu ndi nyama zina zambiri, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Kungopezeka ndi mfuti m'kati mwa nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu kale. Nyama zovutitsa anthu zili ndi eni ake oziyang'anira, a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo dandaulo la alimi loti amachedwa kufika liyenera kupita kwa mafumu, makhansala ndi aphungu mosalekeza.

Chimene chidachepetsa mavuto kuzungulira Majete, bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa malowa mu 2003, ndi mpanda wa magetsi wa makilomita oposa 140. Mvuu nayo sidumpha, choncho ngalande yakuya kapena mpanda wolimba kuzungulira madimba oyandikana zimaibweza bwino kuposa chipolopolo.

Pamene imathandiza

Si kuti mfuti ya mpweya ilibiretu ntchito. Pachigayo kapena m'nyumba yosungira mpunga, pamene nkhunda zosowa mwini zimaipitsa matumba, kapena m'khola la nkhuku m'mene makoswe ochepa akuluakulu azolowera kupewa msampha, munthu wodziwa kulunjika angathandizike nayo. Siisiya poizoni amene angaphe mphaka, galu kapena mwana.

Koma ntchito imeneyi imachitika pamtunda wa mamita 10 kapena 20, ndipo mfuti wamba yothyola pakati imakwanira. Yamphamvu kwambiri imaboola khoswe, n'kuboolanso lata, kachipolopolo n'kupitirira mamita mazanamazana. Pamalo ngati Nchalo, Ngabu kapena Bangula, pamene nyumba zathithikana ndipo ana amasewera kuseri kwa mipanda ya bango, mphamvu yowonjezerayo imangowonjezera ngozi. Mfutizi zimachotsa diso, ndipo m'mayiko ena zidaphapo anthu, makamaka ana amene adazipeza zitangotsamiritsidwa pakhoma.

Pamtengo wake munthu awerengerenso galasi lolunjikira, pampu, timipira totseka mpweya timene timatha msanga m'fumbi ndi kutentha, chiphaso cha chaka chilichonse ndi maulendo a ku polisi. Zonse za mfutiyo n'zochokera kunja, ndipo kwacha idagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, wokonza sapezeka pamsika wa Ngabu.

Ndalamayo ipite kuti?

Njira zimene zimapulumutsa matumba ambiri n'zodziwika kale. Munda wa mapira ocha msanga monga Pilira 1 ukacha wokha pakati pa minda ina, mpheta zonse zimathera pamenepo. Alimi oyandikana akabzala nthawi imodzi, n'kupalira udzu umene njere zake zimakopa mbalame, n'kukolola msanga mbewu zikangokhwima, chiwonongeko chimagawanika ndipo masiku olinda amachepa. Ku Chad ndi ku Kondoa m'dziko la Tanzania, anthu amakola mpheta zambirimbiri ndi maukonde ndi misampha ya madengu n'kumazigulitsa ngati ndiwo. Chosayenera n'kudya mbalame zimene zafa ndi mankhwala opopera.

Kunyumba, matumba osalowa mpweya a PICS ndi nkhokwe zachitsulo zimapha anankafumbwe popanda mankhwala. Misampha yambiri yotchera mudzi wonse sabata imodzi, mbewu zisanabzalidwe, imachepetsa mbewa zisanaswane. Mphaka amagwira ntchito usiku wonse, ndipo kadzidzi, amene ambiri amamugenda pomuganizira zamatsenga, amadya mbewa zingapo usiku uliwonse popanda chiphaso.

Nkhaniyi ikula mtsogolomu. Ntchito ya Shire Valley Transformation Programme, yokumba ngalande kuchokera ku Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'Chikwawa ndi Nsanje. Minda yobiriwira chaka chonse m'dera louma imaitana mbalame, mbewa ndi mvuu. Makopaletivi a alimi akuyenera kuika m'ndondomeko zawo mipanda, kalendala imodzi yobzalira ndi anthu otsata pogona mpheta, monga momwe amaikira feteleza ndi mbewu.

Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Banja limene lasunga ndalama yogulira mfuti lingapindule kwambiri litagula matumba osungira mbewu ndi misampha, yotsalayo n'kusonkha ndi anzawo a m'dimba kuti akumbe ngalande mvula isanagwe.