Luso lokha silidyetsa, akutero moyo wa woponya mpira wa ku Joni

Anyamata ndi atsikana ambiri amene amathamangitsa chikopa m'mabwalo a sukulu ku Mitundu ndi ku Nathenje, m'boma la Lilongwe, amalota zodzasewera kunja ngati Gabadinho Mhango kapena Temwa Chawinga, kenako n'kumangira makolo nyumba ya malata. Malotowa si achabe. Mhango adamwetsa zigoli 16 ali ku Orlando Pirates m'ligi ya ku South Africa ya 2019/20, pomwe Temwa adagoletsa 20 ku Kansas City Current, m'dziko la America, m'chaka cha 2024.

Koma nkhani zomwe zimamveka m'nyumba zoonetsera mpira pa kanema ndi za akatswiri ochepa amene adafika pamwamba. Zaka zomwe wosewera amatha akudikira, ndiponso chomwe chimamuteteza akavulala, sizikambidwa kawirikawiri. Mbiri ya Tayler Scott, mnyamata wa ku Johannesburg yemwe amasewera baseball, ikuonetsa bwino mbali yobisikayi.

Masewero a baseball sadziwika kwenikweni kuno kwathu, koma ku America ndi ku Japan ndi mgodi wa ndalama. Wosewera mmodzi amaponya kampira kolimba, wa timu ina n'kuyesa kukamenya ndi chibonga. Ntchito ya Scott ndi yoponyayo. Akatswiri ambiri amaponya kampirako pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola, zomwe zimatopetsa phewa ndi chigongono, moti ambiri mwa iwo amachitidwa opaleshoni n'kukhala chaka chathunthu osasewera.

Scott adabadwa mu 1992 ndipo adapita ku America akadali pasukulu ya sekondale. Mu 2011 timu ya Chicago Cubs idamutenga, koma sadalowe m'ligi yaikulu ya Major League Baseball. Adayamba kaye m'maligi ang'onoang'ono, momwe matimu amakuliramo osewera awo. Mu 2016 Cubs idamuchotsa, iye n'kukasewera ku timu ina yosadziwika ya Sioux City kufikira pomwe Milwaukee Brewers idamuona. Adaponda m'ligi yaikulu koyamba mu June 2019 ndi Seattle Mariners, patatha zaka 8, ndipo adakhala woponya mpira woyamba wochokera ku South Africa kufika pamenepo.

Ngakhale zidatero, mtendere sudabwere. Chaka chomwecho adapita ku Baltimore Orioles, kenako ku Hiroshima m'dziko la Japan mu 2020 ndi 2021. Mu 2023 mokha adavala yunifolomu za matimu atatu: Dodgers, Red Sox ndi Athletics. Chaka chake chokoma chidali 2024, ali ndi zaka 32, pomwe adaponya m'masewero 62 ku Houston Astros. Koma mu May 2025, zinthu zitayamba kumuvuta, timu yomweyo idamuchotsa pamndandanda.

Nanga ndalama zimayenda bwanji pa ulendo wotere? Mu December 2023 dziko lidagwedezeka Shohei Ohtani wa ku Japan atasaina kontrakiti ya madola 700 miliyoni ya zaka 10 ndi Los Angeles Dodgers. Amenewo ndi malipiro a nsonga. Malipiro otsikitsitsa m'ligi yaikulu mu 2024 adali madola 740,000 pachaka, zomwe pamtengo wa kubanki wa chaka chimenecho zimaposa K1 biliyoni. Komabe wosewera ngati Scott amalandira pamlingo umenewu pa masiku okhawo omwe dzina lake lili pamndandanda wa timu yaikulu. Akatsitsidwa, malipironso amatsika.

M'maligi ang'onoang'ono, momwe Scott adathera unyamata wake, zinthu zidali zowawa. Pofika 2019 oyamba kumene ankatha kulandira madola 290 okha pasabata, m'miyezi yosewera yokha, m'dziko lomwe nyumba ya lendi ndi yodula zedi. Ambiri ankagwira maganyu m'nyengo yopuma kuti apeze chakudya.

Chomwe chidasintha zinthu ndi mgwirizano wa osewera eni ake. Bungwe la osewera a m'ligi yaikulu lidalimba kuyambira 1966 pansi pa utsogoleri wa Marvin Miller, ndipo mu 1968 lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa madola 6,000 kufika pa 10,000. Lero wosewera amene wakhala pamndandanda wa ligi yaikulu masiku 43 amayamba kukhala ndi gawo pa penshoni, ndipo akakwanitsa zaka 6 amakhala mfulu kusankha yekha timu. A m'maligi ang'onoang'ono adalowa m'bungweli mu 2022, ndipo chaka chotsatira malipiro a otsikitsitsa adachoka pa madola 4,800 kufika pa 19,800 pachaka. Akulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Wina angafunse kuti za ku America zikukhudza bwanji mwana wa ku Mitundu, komwe mphoto ya chikho cha phungu nthawi zina imakhala yunifolomu ndi mipira. Ndalama n'zosiyana kutalitali, koma makwerero ndi amodzimodzi. Wosewera amayambira m'timu ya m'mudzi, n'kupita m'ligi ya boma, ya chigawo, yachiwiri ya dziko lonse, kenako Super League. Timu ya Mitundu Baptist yaonetsa kale kuti dzina la dera lakumudzi litha kumveka m'mipikisano ya dziko. Pa sitepe iliyonse ambiri amagwa, ena chifukwa cha bondo, ena chifukwa cha njala.

Kuvulala sikusankha katswiri. Mwawi Kumwenda, yemwe adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye mu 2015, adavulala bondo mu 2018 ali ku Melbourne Vixens m'dziko la Australia. Poti adali pa kontrakiti m'ligi ya dongosolo, adachira, adabwerera m'bwalo ndipo mu 2020 adatenga chikho ndi timu yomweyo. Mtsikana wa ku Nathenje akavulala chimodzimodzi pa masewero a bonanza, wolipira thiransipoti ya ku Kamuzu Central Hospital amakhala kholo lake, mwina atagulitsa thumba la soya.

N'chifukwa chake pepala ndi lofunika kuposa lonjezo la pakamwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Wosewera amene akupita ku timu yaikulu ayenera kufunsa: kontrakiti ndi ya zaka zingati, akavulala alipira chipatala ndani, nanga penshoni ilipo? Lamulo la penshoni m'dziko muno limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito n'kuika 5. Bungwe la Football Players Association lilipo kuti liziyankhulira osewera pa nkhani ngati zimenezi, koma mphamvu zake zimadalira kuchuluka kwa amene alowamo.

Nawo matimu a m'midzi ali ndi chawo chomwe amataya. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu omwe adamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma ndalamazi zimatsata kaundula. Timu yomwe sidalembetse mwana wake ku bungwe la FAM singaone ngakhale tambala, ngakhale mudzi wonse utachitira umboni kuti adakulira pabwalo lawo.

Makolo, aphunzitsi ndi akuluakulu a matimu ku Mitundu ndi Nathenje sangasinthe chuma cha mpira wa Malawi tsiku limodzi. Chomwe angathe ndi kulembetsa ana awo m'kaundula, kukana kuti mwana asaine pepala lomwe sadawerenge, komanso kuonetsetsa kuti MSCE ili m'thumba. Scott adadikira zaka 8 kuti alowe m'ligi yaikulu, ndi zina 5 kuti aone chaka chimodzi chokoma. Mwana wa kwathu kuno akamayamba ulendo ngati umenewu, ayenera kudziwa chomwe azidya akudikira.